Chaka Chimene Tinatsekera Madzi M'munda

Masiku ano za mvula zimabwera pa foni. Mdzukulu wanga amandiwerengera kuti a zanyengo akuti sabata ino kumapiri kugwa yambiri, kuchigwa yochepa, ine n'kungoti chabwino, ndamva. Nthawi imene ndikufuna kunenayi kunalibe zosiyanitsa phiri ndi chigwa. Wailesi ikati chigawo cha kummwera, ndiye kuti tonse, wa ku Ligowe kuno ndi wa ku Chifunga, tinali m'thumba limodzi.

Panali patapita zaka zitatu kapena zinayi chiyambireni matipate. Makalabu a feteleza anali atagwa, katundu m'magolosale akukwera mwezi ndi mwezi, koma pakamwa pokha tinali titamasuka. Ine ndinali pabanja ndi a Daisoni, bambo a Malita, munthu wa ku Chifunga, kuchigwa kotentha kuja. Anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini, ndipo ankalima munda umene amayi anga anandigawira. Kwathu kuno mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha khasu lake. Likamadyetsa anthu, ndi munthu. Likalephera, amamukumbutsa njira imene anadzera.

Okutobala

Dzina loti Elinino linalowa pakhomo pathu kudzera mu wailesi ya a Daisoni, imene mabatire ake ankawayanika padzuwa ngati mfutso. Anatimasulira bwino ndi a Gondwe, adokotala a pachipatala chathu chaching'ono, munthu wa ku Rumphi wokonda nyuzipepala. Tsiku limenelo ndinkapita ndi Malita kusikelo, ndipo bambo ake anatiperekeza dala kuti akafunse.

"Kuli nyanja yaikulu kutali, kuseri kwa dziko," anatero a Gondwe. "Madzi ake akatentha kuposa zaka zonse, mphepo imasokonekera, mvula yathu n'kukagwa kwina. Akatswiri ayeza, akuti chaka chino atentha kwambiri."

"Ndiye kuti chilala?" anafunsa a Daisoni.

"Akuti mwina. Kawirikawiri zikatero kuno kummwera kumauma."

"Ngati chija cha chimanga chachikasu?"

"Chimene chija chinayambanso chomwechi."

Mawu oti mwina ndinawamva ndi ine. A Daisoni anangomva za chimanga chachikasu basi. Sindikuwanena ayi. Chaka cha chilala chachikulu chija, pamene tinkalandira chimanga chachikasu cha kunja, iwo anali akadali kwao. Anaona chimanga chikupsa chili m'chiuno, mbuzi ikusinthidwa ndi mbale ya ufa, ndipo anaika m'manda amayi awo amene ankabisa njala yawo kuti adzukulu adye. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha tisanakwatirane, osadzaibwerezanso. Koma ankati akaona mtambo ukudutsa osagwetsa kanthu, nkhope inkasintha, ine n'kudziwa kumene mtima wawo wapita.

Pobwerera a Daisoni anatsogola. Titafika pamphambano anaima.

"Nambewe, mbuzi zija tigulitse."

"Zonse?"

"Zonse. Chilala chikafika mbuzi ilibe mtengo, ndinaona ndi maso angawa. Tigule mbewu yocha msanga ndi kafeteleza, kuti mvula ikamadzadula chathu chikhale chitakhwima."

Mbuzizo zinali nkhokwe yathu yachiwiri. Chaka chilichonse Febuluwale akaluma, tinkagwira imodzi n'kukasinthitsa ndi chimanga. Ndinakana masiku angapo, kenaka ndinalola, pakuti wailesi nayo inkanena zomwezo m'mawa ndi madzulo, kuti bzalani mbewu zocha msanga, sungani madzi m'munda, pangani ngonyeka.

Ngonyeka ndi timizere topingasa, totseka khwawa la pakati pa mizere, kuti madzi a mvula asathawe koma akhale pomwepo n'kumalowa pansi. Kwao kuchigwa ndi nzeru yopulumutsa anthu. Koma munda wanga unali pamtsetse, ndipo kumunsi kwake, mogundizana, kunali munda wa amayi. Malemu bambo anga anasiya atakumba ngalande m'mbali mwa minda iwiriyi, ndipo mizere yonse inkathira madzi ake m'menemo n'kutsikira kumtsinje. A Daisoni anati atseka kukamwa kwa mzere uliwonse.

Amayi atamva anabwera. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake saonana maso ndi maso, akakumana panjira wina amapatukira patchire. Choncho amayi anakhala kuseri kwa khitchini atafulatira, a Daisoni ali pakhonde, ine pakati ngati mtenga wosalipidwa.

"Esinati, uwauze bambo a Malita kuti dothi la kuno ndi katondo. Likakhuta silimwanso."

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, a Daisoni anayankha akuyang'ana pansi. "Nambewe, uwauze amayi kuti ndamva, ndipo ndathokoza. Koma chaka chino choti likhute nacho n'chiyani?"

Amayi nawonso anali ndi mantha awo, chifukwa mango anali atabereka mpaka nthambi kugwada, ndipo akuluakulu amati mango akatero kukubwera njala.

"Uwauze achite zimene akudziwa m'munda mwawomo," anatero potsiriza. "Ine mbewu yanga ya makolo sindisiya."

Novembala

Chizimalupsa chinagwa kamodzi n'kusowa. Kumwamba kunayera mbee, ndipo a Daisoni ankakhala m'munda mpaka dzuwa kuswa mtengo, kuunda ngonyeka mzere ndi mzere. Munthu uja ankalima ngati wina akumuthamangitsa.

Amalume anga a Sandifolo, achimwene awo a amayi, ndiwo anali eni mbumba, oyang'anira ife tonse ndi minda yathu. Anali munthu wa pakamwa, woti akakupeza watsetsereka amayamba waseka kaye asanakudzutse. Tsiku lina anaima kumutu kwa munda atapinda manja kumbuyo.

"Akamwini, kodi mukulima munda kapena mukusema bawo?"

"Tikusunga madzi, amalume."

"Matipate ndi abwino eti. Kale za mvula ankadziwa ndi Mulungu yekha, lero ngakhale mkamwini akuzidziwa."

A Daisoni anangoseka n'kupitiriza. Koma mwezi utafika pakati kumwamba kuli gwa, kusekako kunachepa m'mudzi. Anthu anayamba kudutsa dala njira ya kumunda kwathu. Wina amafunsa kuti timizereto titalikirane bwanji, wina amafunsa kumene tinagula mbewu. Mabanja angapo anatsanzira. Amalume omwe aja sanabwere iwo eni, anatuma akazi awo kudzaona, ndipo sabata isanathe munda wawo wa kudambo unali utasanduka bawo nawonso. Azimayi pachitsime ankandiuza kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndisaname, ndinkayenda mutu uli m'mwamba. Mwamuna wanga amene anthu ankangomuti wa kuchigwa uja anali atakhala munthu womufunsa nzeru.

Mvula yobzalira inagwa mwezi ukupita kumapeto. Tinabzala tonse tsiku limodzi, ife mbewu yathu yogula, amayi yawo ya makolo.

Disembala

Chimanga chinamera bwino kwabasi. Mvula ikagwa, madzi ankadzaza m'timabokosi tija n'kumanyezimira, pofika madzulo atalowa pansi. A Daisoni ankayenda m'mizere akupisa chala m'dothi, n'kubwera kudzandionetsa ngati mwana amene watola ndalama. Ankati mvula imeneyi ndi yonyenga, idula posachedwa, ndipo amene sanasunge adzalira.

Njala yokha sinadikire kuti tione ngati idula. Chaka cham'mbuyocho sitinakolole bwino, moti pofika Khirisimasi nkhokwe zambiri m'mudzi zinali zitayamba kuonetsa pansi. Mbiri ya chilala inali itafikanso kwa ogulitsa, ndipo amene anali ndi chimanga anachitsekera m'nyumba kudikira mtengo. Ndowa imene mu Okutobala unkaipeza ndi msoti umodzi, tsopano inkafuna msoti ndi tambala yemwe. Mphekesera nazo zinachuluka. Ena ankati chimanga chonse chikuwolokera ku Mozambiki, ena ankati Elinino abwera ngati chimphepo chosasula madenga, ena ankati azungu aigwira mvula kunyanja kwaoko. Ife tinayamba kudya kamodzi patsiku, Malita yekha ndiye ankalawa phala m'mawa.

Januwale

Chaka chitangolowa kunayamba mvumbi. Inkagwa m'mawa, kugwa masana, kukacha ikugwabe. Zovala zinayamba kununkha chuku pachingwe, nkhuni zinkangofuka utsi. M'timabokosi tija madzi anasiya kulowa pansi. Ankangokhala, achule n'kuikiramo mazira, ndipo chimanga chathu chinayamba chikasu kuyambira masamba a m'munsi.

"Bambo a Malita, tiyeni titsegule mizere, madziwa atsike," ndinatero.

"Nanga ikadula mawa? Wailesi ikuti ng'amba ikhoza kubwera mu Febuluwale, chimanga chikamamasula. Madzi amenewa tidzawafuna, Nambewe."

"Chimanga chikumira."

"Chomira chimadzuka. Chopsa sichidzuka."

Amayi anatumizanso mawu, a Daisoni anayankha mwaulemu kuti apirire pang'ono. Sanali munthu wamakani pa zina zonse. Ndikanati tisamuke nyumba akanasamuka. Koma kutaya madzi ndi manja awo, atawaona amayi awo akufa ndi chilala, zinkawakanika.

Tsiku limene zinachitika tinali m'munda tonse awiri, tikuyesa kubandira m'matope. Chakumasana kunada bii kuphiri, ndipo inabwera mvula ya madontho akuluakulu, yosaona munthu ali patsogolo pako. Tinathawira pansi pa mtengo kumutu kwa munda. Ndili pomwepo ndinaona mzere wa pamwamba ukudzaza mpaka pakamwa, kenaka unang'ambika pakati. Madzi ake anagwera mu wachiwiri umene unali wodzaza kale, nawo n'kung'ambika. Zinangotsatana choncho kutsika mtsetse, mzere kugwetsa unzake, madzi akukulirakulira, ofiira ngati thobwa la mawere. A Daisoni anathamangira komweko ndi khasu, akukumba kuti awakhotetsere kungalande, koma munthu mmodzi angachitenji. Madziwo anawagwetsa kawiri ndikuona.

Madziwo sanaime m'malire. Analowa m'munda wa amayi ndi mphamvu yonse ya munda wathu, n'kudula pakati penipeni mpaka kumtsinje. Mvula itakata tinapeza chigwembe choti munthu wamkulu akalowamo amaonekera m'mapewa. Chimanga cha makolo cha amayi, chimene chinali chitafika m'chifuwa, china chinapita, china chinagona m'matope mizu ili m'mwamba.

Amayi anabwera n'kuima kutsidya kwa chigwembecho. Sanalire, sanatukwane. Anangoyang'ana, n'kutola phesi limodzi, n'kulitayanso. A Daisoni anali ataima chapatali, matope thupi lonse, atafulatira monga mwa mwambo. Ine sindinadziwe kuti ndipite kwa ndani.

Febuluwale

Mvula ikakuona litsiro siikata. Mwezi umene tinkagwira mbuzi unafika khola lili pululu. Kumsika wa boma chimanga chinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo chikabwera munthu ankaloledwa kathumba kochepa, koti banja n'kudya masiku owerengeka. Ndinapitako kangapo ndi anzanga, kuima pamzere tsiku lonse mwana ali kumsana, n'kubwerako chimanjamanja chifukwa chatha tisanafike pazenera. Tinkadya madeya, nkhwani zopanda nsinjiro, nthochi zosakhwima zophika. Anthu ena anasasula malata n'kugulitsa. Amuna ambiri anawolokera ku Mozambiki kukasuma, kulima m'minda ya eni kuti awapatse ufa.

Minda ya onse amene anatsanzira ngonyeka inali itamira, ndipo woipitsitsa unali wa amalume kudambo kuja. Anthu aja amene ankadutsa dala kumunda kwathu anayamba kulambalala. Dzina la a Daisoni linatha, anasanduka a Elinino. Ana ankawakuwa panjira, akuluakulu ankawapatsa moni ndi dzina lomwelo akumwetulira. Iwo ankangoyankha kuti ndili bwino, kaya inu.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi amalume anatiitanitsa kwa amayi, pansi pa mtengo wa manachesi. A Daisoni sanaitanidwe, pakuti nkhani ya mbumba mkamwini saikhalira.

"Ine sindichulutsa gaga m'diwa," anatero amalume. "Munthuyu watipha. Munda wa mlongo wanga, umene bambo ako anausamala moyo wawo wonse, waung'amba pakati. Wanga wamira. Abwerere kwao akalime mchenga."

"Amalume, kumunda kwanu anabwera kudzakukakamizani?" ndinafunsa. "Si inu munatuma azakhali kudzaonera?"

"Taona, wayamba kuyankha akuluakulu. Ndi zimene wakuphunzitsa mwamuna wakoyo."

"Wailesi inanena, adokotala ananena, alangizi a zaulimi ananena. Bwanji simukukawathamangitsa iwowo?"

"Iwowo sakudya nsima ya pamudzi pano."

Ndinalira ndi ukali. Ndinati akapita iwo ndipita nawo, amalume n'kundikumbutsa kuti Malita ndi wa mbumba ino, sapita kulikonse. Pamenepo ndinatheratu mphamvu. Ndinayang'ana amayi, pakuti munda wong'ambikawo unali wawo, ndipo mawu awo ndiwo akanatha nkhani. Anafwatafwata nsonga ya chitenje.

"Mlandu wa munda umaweruzidwa pokolola," anatero. "Tidikire tikolole."

Sanati akhale, sanati apite. Ndinabwerera kunyumba ndi mawu amenewo, ndipo ndinawauza a Daisoni monga momwe analili, chifukwa akanawamvabe kwa ena. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amayi anena zoona," anatero. "Ndikonze kaye chimene ndinaononga."

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa ankapita kukagwira ganyu m'minda ya aphunzitsi ndi anthu a kuchipatala, amene anali ndi malipiro a pamwezi, n'kubwerako ndi kambale ka madeya. Masana ankasenza miyala kuchokera kumtsinje kukwera nayo kuchigwembe. Ankaiyala mopingasa, kukhoma zikhomo, kubzala nsenjere m'mbali kuti dothi ligwire. Mvula inkagwa ali momwemo.

Amayi anali ndi kachimanga kotsala ka chaka chatha ndi chinangwa pang'ono kuseri kwa nyumba, ndipo ankatigawira. A Daisoni ankati akadziwa kuti ufa wachokera kwa amayi, ankasamba m'manja n'kutsina kamodzi, kenaka n'kukankhira mbale kwa Malita.

"Idyani, bambo a Malita. Miyala ija simungaisenze ndi mimba yopanda kanthu."

"Ndadya kuganyu."

"Mukunama."

"Nambewe, ndiwaphere munda, ndiwadyerenso chotsala? Pakhosi sipangadutse."

Ndinayesa kuwanamiza kuti ufawo ndagula, koma ufa wa chimanga cha makolo sunamizika. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, tsiku lina ndinawaopseza kuti nanenso ndisiya kudya. Anangondiyang'ana ndi maso olowa aja, n'kunena kuti ndiye Malita asamalidwa ndi ndani.

Malichi

Chimanga chochepa chimene chinapulumuka kumutu kwa munda chinachadi msanga monga a Daisoni analonjezera. Pamene cha anthu ena chinali chikadali ngaiyaye, ife tinayamba kuthyola. Zitsononkho zoyamba a Daisoni anaziika m'lichero n'kukazisiya pakhomo pa amayi, iwo ali kumtsinje. Tinakazinga, tinaphika, china tinachiyanika pamoto n'kusinja chitibu. Malita, amene tsitsi linali litayamba kufiira, anayambanso kusewera. Ndimanena zimenezi chifukwa anthu amakumbukira chigwembe chokha, amaiwala kuti mwezi umenewo ana a pamudzi pathu, a amalume omwe, anadya chimanga cha a Elinino.

Koma chinali chochepa, ndipo chinakhwimira m'mvula. Makoko ake safunda mpaka kunsonga ngati a chimanga cha makolo, choncho madzi ankalowa n'kuchiwoletsa chili chiimire. Ukasenda unkapeza chuku chakuda ndi fungo. Aliyense wodutsa ankatha kuona yekha kuti pokolola sipadzakhala choika m'nkhokwe, ndipo a Daisoni ankadziwa tanthauzo lake. Sanasiye miyala ija. Kolala ya malaya inkangolendewera, lamba anabooleza mabowo ena ndi msomali.

Epulo

Mvula itayamba kutha kunabwera kamphepo kozizira ka kumapiri kuno, kamene munthu wa kuchigwa sanakazolowere. A Daisoni anayamba ndi chifuwa. Ankati n'chimfine, n'kumapitabe kuchigwembe. Tsiku lina masana sanabwere kudzapuma, ndipo nditawalondola ndinawapeza atakhala pamwala, thupi lili moto, akupuma ngati athamanga.

Tinawatengera kuchipatala panjinga yobwereka. A Gondwe anawamvetsera m'chifuwa, n'kundiitanira pakhonde.

"Mayi, ndi chibayo. Mankhwala tiwapatsa, koma thupili latha. Kodi amadya?"

Titalowanso tinapeza a Daisoni atatsegula maso.

"Adokotala, kodi madzi a nyanja ija anazizira?"

"Akuti ayamba kuzizira, bambo."

"Ndiye chilala chija chinapita kuti?"

A Gondwe anakhala pamphepete pa bedi. "Maiko ena chinawagwera ndithu. Akatswiri aja amaona dera lalikulu, ngati munthu ali pamwamba pa phiri. Munda wa munthu mmodzi sangauone."

"Ndiye sananame."

"Sananame. Nanunso simunalakwe kuwamvera."

A Daisoni anatseka maso. "Mukawauze amalume zimenezo," anatero, ndipo anayesa kuseka koma chifuwa chinawatsamwitsa.

Anakhalako masiku angapo, anaoneka ngati akupeza bwino, ndipo anaumirira kuti abwerere kunyumba. Amayi ankaphika phala n'kulibweretsa okha mpaka pakhomo. Tsopano a Daisoni ankamwa, mwina chifukwa analibenso mphamvu zokanira, koma linali phala lobwera mochedwa. Ankandifunsa kawirikawiri ngati anthu ayamba kudula chimanga, ndipo ine ndinkati ayi, sichinaume, ngakhale mikukwe inali itayamba kuoneka m'minda.

Meyi

Anatisiya m'mawa wina dzuwa litangotuluka, anthu akupita kokolola. Ndinali nditawatsamiritsa pachifuwa panga kuti apume bwino. Mawu omaliza amene ndinawamva anali oti miyala yatsala pang'ono kumunsi, wina akamalize mvula isanabwerenso.

Tinatuma munthu panjinga ku Chifunga, ndipo tsiku lotsatira abale awo anafika, motsogozedwa ndi achimwene awo a Witinesi. Anali anthu ofooka, milomo yosweka. Atalira maliro n'kukhala pansi, a Witinesi anayang'ana mapiri athu obiriwira ndi mikukwe m'minda ya anthu, n'kupukusa mutu.

"Kuno mvula munali nayo chonchi? Kwathu inadula chimanga chikumasula, osabweranso. Chapsa chonse chili chiimire. Amene apezako kanthu ndi okhawo anapanga ngonyeka." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Mng'ono wangayu akanakhala kwathu chaka chino, bwenzi tikudya."

Ndinayang'ana amalume, iwo anayang'ana pansi. Ine mumtima munandiwawa kuposa tsiku la chigwembe lija. Chilala chimene mwamuna wanga anachikonzekera ndi mphamvu zake zonse chinabweradi, koma chinapita kwao, iye ali kwathu.

Kenaka inafika nkhani ya mwambo. Mkamwini akamwalira, abale ake amamutenga kukamuika kwao, chifukwa kumanda a mbumba sikugona mlendo. A Witinesi anati apeza galimoto ya makala yotsikira kuchigwa imene ingawanyamule. Amalume anavomera msanga, anati n'zoona, aliyense amagona kwao, ife sitingatsekereze.

Amayi anali m'gulu la azimayi pakhonde la nyumba ya siwa. Sindinawaone akudzuka. Ndinangoona ali chiimire pakati pa bwalo, pamaso pa amuna, pamalo pamene mzimayi saima pamaliro.

"Achimwene, ndinati mlandu uja tidzaweruza pokolola. Takolola." Anatembenukira kwa a Witinesi n'kugwada. "Bambo, pepani, ndikupempha. Munthuyu musamutenge. Thukuta lake lili m'munda mwanga, mwana wake ali pano. Si mlendo uyu, ndi mwana wanga. Agone konkuno, pafupi ndi malemu amuna anga."

"Mlongo, mwambo sutero," anatero amalume.

"Munda unali wanga. Ndati akhala."

A Witinesi anapatukira pambali ndi abale awo, ananong'onezana, kenaka anabwera n'kuwomba m'manja mwaulemu. Anati ngati apongozi ake anena okha chomwecho, iwo alibe mawu. Amalume anadzuka n'kukawalozera adzukulu malo okumba.

Ine ndinalowa m'nyumba momwe anagona, n'kukhala pafupi ndi mutu wawo. Chiyambire Febuluwale ndinkadzuka ndi pemphero limodzi, loti amayi anene kuti akhala. Tsiku limenelo ananena, mokweza, mudzi wonse ukumva. Mwini wake yekha ndiye sanamve.